Nsambo Zayambanso Kulira ku Chilomoni

Malume anga atapuma pa ntchito anasanduka munthu wa pakhonde. Dzuwa linkawapeza pa mpando wandalema n'kuwasiya pomwepo, iwo n'kumangosendeza mpandowo kutsata mthunzi wa mtengo wa mapeyala. Zaka zawo zonse za mphamvu anali kalaliki pa kampani ina ya zamtengatenga ku Limbe, munthu wa tayi ndi nsapato zopolisha, woseka mokweza moti a nyumba yachitatu ankadziwa kuti aweruka. Tsiku limene anabweza makiyi a ofesi, chiseko chija chinatsalira komweko. Wailesi ankaitsegula pa nkhani ndi pa mauthenga a maliro basi. Ukawapatsa moni ankakuyankha ndi mndandanda wa zowawa: bondo, msana, kuthamanga kwa magazi, tulo tosabwera. Kunja kwa mpanda ankatuluka pakagwa zovuta kapena tsiku lokatenga mankhwala. Azakhali anandikokera kukhitchini tsiku lina n'kundinong'oneza kuti, "Malume akowa nsima akudya, mankhwala akumwa, koma mwini wake mulibemo."

Ife ana a mlongo wawo tinakula tikumva kuti malume kale ankaimba gitala. Umboni unalipo. Pamwamba pa wadiropu panali gitala ya bokosi yotsala ndi nsambo zitatu zadzimbiri, mavu atamanga m'kati mwake, ndipo pansi pa bedi panali katoni ya makaseti imene azakhali ankaisuntha posesa n'kuibwezera pamalo pake. Tikafunsa, malume ankangokupiza dzanja: "Zachibwana zimenezo, mphwanga. Zinapita ndi nthawi yake."

Chimene chinawadzutsa chinabwera pa wilibala. Mnyamata wina woyandikana nawo nyumba ankasamukira ku Lilongwe, ndipo anasowa kopita nazo mbale za galamafoni za malemu bambo ake, amene anagwirako ntchito m'mahotela ku Harare mzindawo ukutchedwa Salisbury. Anazitula pakhonde la malume pamodzi ndi choimbira chake, chimene chinaleka kuzungulira kalekale. Zambiri zinali zomwe mungayembekezere m'nyumba ya Mmalawi wa m'badwo umenewo: Jim Reeves, Skeeter Davis, kwela ya Spokes Mashiyane. Koma pakati pake panali chimbale china chachikuto chonyenyeka m'mbali, The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, cha 1960. Malume anachitembenuzatembenuza tsiku lonse. Kutacha anavala nsapato zija, anakulunga choimbira m'chitenje, uyo pa minibasi, ulendo wa ku msika wa Limbe kukasaka mmisiri. Azakhali anandiimbira foni akulephera kupuma ndi chimwemwe: "Atuluka! Kulibe maliro, koma atuluka!"

Ndinalipo madzulo amene singano inatera pa mbale ija. Kunamveka kaye kuthetheka kwa fumbi, kenako gitala inalowa, yamawu onenepa, ofewa, othamanga koma osapunthwa. Malume anadzambatuka pa mpando, za bondo ataiwala. Anawerama pafupi ndi sipika, dzanja lili m'mwamba kutiletsa kuyankhula. "Mphwanga, wamva? Munthu uyu sakukhwatcha ndi piki ayi. Uwu ndi mnofu. Akuimba ndi chala chamanthu!" Ndinatulutsa foni kuti ndifufuze, ndipo khutu la malume linali litalasa. Wes Montgomery, wa ku Indianapolis ku America, ankaimbadi ndi chala chamanthu. Anazolowera kutero chifukwa gitala ankaiphunzira usiku ataweruka, ndipo sankafuna kusokosera anthu ogona. Masana ankawotcherera zitsulo kuti adyetse ana, usiku n'kumaimba m'malo achisangalalo mpaka mbandakucha. Luso lake analitola pomvetsera mbale za Charlie Christian mobwerezabwereza kufikira zala zitaloweza. Dziko linadzamudziwa mu 1959, ali ndi zaka 36, pamene Cannonball Adderley anamumva akuimba kwawo komweko n'kukauza a kampani ya Riverside kuti amujambule msanga.

Ndikuwerenga zimenezi, malume ankangovomera ndi mutu. "Ndiye kuti anali mnzanga ameneyu," anatero. "Ntchito masana, gitala usiku." Tsiku limenelo nsima inazizirira patebulo, ndipo azakhali sanadandaule ngakhale pang'ono.

Basi, kusaka kunayambika. Mwana wawo wamkulu amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kale foni za bambo ake zinkakhala zonena za mankhwala. Tsopano ankalandira mayina a zimbale zoti akafufuze m'mashopu ogulitsa zakale. Malume anayamba kuyendera anzawo akale ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, kufunsa ngati m'nyumbamo munatsalako mbale kapena kaseti. Zimene sizinapezeke ndi manja, adzukulu ankawaikira pa memore khadi. Ndipo apa m'pamene kalaliki uja anauka. Anagula kope lalikulu lachikuto cholimba, anajambula mizere ndi rula, n'kuyamba kulemba ndi zilembo zawo zopendekeka zija: dzina la woimba, dzina la chimbale, chaka, kampani, amene ali pa piyano, amene ali pa ng'oma, kumene achipeza. Mbale iliyonse imatsukidwa ndi madzi ndi kadontho ka sopo, n'kuyanikidwa pamthunzi poti dzuwa limaipinda, kenako n'kuimikidwa chilili pa shelefu. Mbale zakale kwambiri, zolemera zija zozungulira ka 78 pa mphindi, saziyandikiza ku sipiriti chifukwa imazisungunula. Zonsezi amakufotokozera ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwanso udindo, ndipo ine ndimamva kukoma kuwaona choncho.

Mukafika lero, musanakhale n'komwe akuikirani Django Reinhardt. Ameneyu amamukonda chifukwa cha dzanja lake. Mu 1928 ngolo imene ankakhalamo inapsa, moto n'kumupundula zala ziwiri za kumanzere. Munthu wina akanaisiya gitala. Iye anaphunzira kuthamanga pa nsambo ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo pofika 1934 iye ndi Stéphane Grappelli wa vayolini anali ndi gulu la Quintette du Hot Club de France ku Paris, limene nyimbo zake zikuvinitsabe anthu. Malume akaika "Minor Swing" amatambasula zala zawo zouma n'kuziyang'ana, amvekere, "Zanga zonse zilipo. Ndinkadandaula chiyani?" Dzuwa likapendeka amaika Midnight Blue ya Kenny Burrell. Koma imene ine inandigwira ndi "Idle Moments" ya Grant Green, yojambulidwa mu 1963. Nyimboyi imatenga pafupifupi mphindi 15 ikuyenda mwakachetechete, ndipo sinakonzedwe kuti italike chotero: oimbawo anapitirira muyeso umene anapangana, aliyense n'kutsatira mnzake, ndipo atayesa kuijambulanso mofupikitsa anapeza kuti yoyamba ija ndiyo inali ndi moyo. A Blue Note anatulutsa yomweyo. Nkhani imeneyi malume amaifotokoza akuseka mpaka misozi, ngati analipo.

Pa shelefu pomwepo, pambali pa Django, pali Daniel Kachamba. Ena angaone ngati n'kusakaniza zosayenerana, koma ine ndikuti malume anakhoza. Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatenga kwela imene inabwera ndi mbale za anthu ochokera ku Joni n'kuiumba mwa iwo okha, Donald pa chitoliro, Daniel pa gitala. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kuyamba kuwajambula, ndipo n'chifukwa chake zambiri za Daniel, amene anamwalira mu 1987, zilipobe kuti tizimve. Mvetserani mmene chala chake chimodzi chimayendetsera besi pamene china chikutola nyimbo pamwamba, ndipo mudziwa kuti si mlendo pa shelefu imeneyo. Palinso Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja, ndi banjo yake ndi gulu la Chimvu Jazz Band. Palinso Phola ya Hugh Masekela, imene malume anaifuna chifukwa choti anaikonza ndi Erik Paliani, mwana wa kuno kwathu. Pa kope lija onsewa analembedwa ndi inki yofanana.

Komabe gitala inali pa wadiropu, katoni ili pansi pa bedi. Zinatsika chifukwa cha Charlie Christian. Mnyamata ameneyu, amene analowa gulu la Benny Goodman mu 1939 n'kuonetsa dziko kuti gitala ya magetsi ingathe kutsogolera nyimbo, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Zina mwa zokoma kwambiri zimene anasiya sizinajambulidwe mu situdiyo. Wophunzira wina wotchedwa Jerry Newman ankanyamula makina ake ojambulira kupita nawo ku Minton's Playhouse ku Harlem mu 1941, n'kumajambula oimba akucheza ndi zida zawo usiku. Mumamveka phokoso la anthu, mawu ena n'ngosamveka bwino, koma popanda wophunzira uja bwenzi zonsezo zitapita ndi mphepo. Malume atamvetsera zimenezi anakhala duu kanthawi. Kenako anaitana chakuchipinda: "Mayi, katoni ija ilipo?" Azakhali anatulukira nayo msanga kwambiri moti ndikukhulupirira anali ataipukuta kale fumbi.

Makasetiwo anali a m'ma 1980, olembedwa ndi bolopeni yofiira. Malume ankaika wailesi ya kaseti pa mpando, n'kudina mabatani awiri aja pamodzi, n'kuimba nyimbo zopeka okha. Kuwaukitsa inali ntchito yofuna kudekha. Ena anali atachita nkhungu. Ena kansalu kofewa kamene kamakankhira tepi ku mutu wa wailesi kanali katagwa, ndipo tinkachotsa m'makaseti ena opanda ntchito n'kumata. Tepi yothina tinkaimasula pozungulitsa ndi bolopeni, yoduka tinkailumikiza ndi kyuteksi ya azakhali monga ankachitira kale, ndipo makaseti osweka tinkawamasula tinati n'kusamutsira tepi m'chigoba china. Wailesi nayo lamba wake anali atasungunuka. Mmisiri wa ku Limbe uja, amene tsopano ndi bwenzi la pakhomo, anaika wina. Mdzukulu wina anabwera ndi kompyuta ndi chingwe, n'kumakopera nyimbo iliyonse pa pulogalamu yaulere ya Audacity, kuti tepi ikadyedwa mawu akhale atapulumuka kale.

Ndiye tsiku lomvetsera! Tinadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pa mkeka. Kaseti itayamba kuzungulira munatuluka mawu a mnyamata, opyapyala, odzikhulupirira, akuwerenga "wani, thu, fili" asanayambe. Adzukulu anayang'ana agogo awo, anayang'ana sipika, kenako nyumba yonse inaphulika ndi kuseka. Kumbuyo kwa nyimbo kunkamveka tambala, mbale zikugundana, ndi khanda likulira, limene ndi bambo wa ndevu uja wa ku Johannesburg. Pa nyimbo ina panalowa mawu a mtsikana akupolokoza mwamanyazi. Azakhali anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. "Abambo, mpaka munasunga zimenezi?" Malume anangoti, "Nanga ukwati unachokera pati?" Inali nyimbo imene anawafunsira nayo mbeta. Panali ya sitima ya pamtunda yochoka ku Limbe kupita ku Balaka, ya njinga yobwereka imene inathyoka foloko pa tsiku la malipiro, ya kutonthoza mwana. Panalinso ina yodandaula za kukwera kwa mitengo ya zinthu, imene sankaiimba kunja kwa nyumba m'masiku a chipani chimodzi, poti mawu a nyimbo ankatha kumuika munthu m'madzi otentha. Nyimbozo zinali zabwino. Ndikunena izi ndi mtima wonse: zinali ndi mawu oluma, nthabwala, ndi mayimbidwe osachoka m'mutu. Chimene chinkaziperewera ndi chimene mnyamata uja anali asanamve, popeza zonse zinkazungulira pa makodi atatu, C, F ndi G.

Gitala inatsika. Kalipentala wina wopuma pa ntchito anaimata pamene inang'ambika, anawongola khosi lake, mavu anasamutsidwa, nsambo zatsopano zinakokedwa. Poyamba zala zinkatuluka matuza, ndipo malume ankationetsa matuzawo monyadira. Piki sanaifunenso. Ankakhala ndi Wes kumbali ino, kaseti yawo kumbali inayo, n'kumayesa kugwira liwu limodzi pa nsambo ziwiri, lina pansi lina pamwamba, monga Wes ankachitira kuti nyimbo inenepe. Kwa Joe Pass, pa chimbale cha Virtuoso cha 1973 chimene amaimba yekhayekha popanda ng'oma kapena besi, anaphunzira kuti gitala imodzi ingayendetse besi, kuponya makodi ndi kuimba nyimbo nthawi imodzi. Akutero anazindikira kuti Daniel Kachamba ankawauza zomwezo kuchokera ku Chileka.

Chimene ndimawatamira nacho n'chakuti njira ya mawu sanaisinthe. Amati Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake, ndipo ukapotoza nyimbo kuti imveke yachilendo, mawu amayamba kunena zina kapena kusanena kanthu. Choncho pamwamba anasiya momwe mnyamata uja anaimbira, n'kumagwira ntchito pansi. Pamene panali C yekha kwa nthawi yaitali, tsopano pamadutsa makodi angapo otsetsereka, lina kuperekeza linzake mpaka kufika kunyumba. Pamene G ankangogwa, tsopano Dm7 amayamba wamukonzera njira. Nyimbo ya sitima anaipatsa besi yoyenda osaima, ndipo ukatseka maso umamva mawilo akuwerenga njanji kudutsa Lunzu ndi Lirangwe. Ya mbeta anaichedwetsa, anatsegula mpata pakati kuti gitala iyankhule yokha, ndipo mpata umenewo sautsata mofanana kawiri. Nditawafunsa kuti kodi nyimbozi zikadali zomwe zija, anaseka chiseko chija cha nyumba yachitatu: "Nsima ndi yomwe ija, mphwanga. Ndangosintha ndiwo."

Phokoso lokoma limaitana anthu. Kalipentala uja anabwera Loweruka lina atasenza babatoni imene anakhoma yekha, bokosi lalikulu la chikopa ndi nsambo imodzi. Mnyamata amene amaimba kiyibodi ku tchalitchi anayamba kusuzumira pa mpanda, kenako analowa, ndipo tsopano amabwera ndi kope lake kudzafunsa kuti kodi ija mwagwira bwanji, agogo. Mtsikana wa sekondale wa nyumba ya kuseri anapatsidwa chisekese. Azakhali poyamba ankati iwo ndi a tiyi basi, koma nyimbo yawo ikayamba ankapezeka ali pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja, akupolokoza, ndipo manyazi a pa kaseti aja kulibenso. Magetsi akazima saimitsa kanthu, poti gitala ya bokosi ndi babatoni sizidya magetsi. Adzukulu amajambula pa foni n'kutumiza pa WhatsApp ya banja, ndipo wa ku Johannesburg anatumiza uthenga wa mawu umene theka lake linali kulira, theka kuseka, atamva nyimbo imene ankamutonthozera nayo ali khanda.

Pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo woyamba m'pamene mudzi wonse unaona. Zoimbira za magetsi zinalipo, mnyamata woika nyimbo analipo, koma pakati pa mwambo ankhoswe analengeza kuti agogo a mkwatibwi ali ndi mawu. Anthu ankayembekeza malangizo. Malume anatulukira atavala tayi, gitala ili pachifuwa, kalipentala akukoka babatoni pambuyo. Anayamba ndi gitala yokha, chala chamanthu chikusisita nsambo, anthu n'kukhala chete modabwa. Besi italowa, amayi a kuchimuna anayamba kugwedeza mapewa ali pa mipando. Azakhali atapolokoza, nthungululu zinang'amba tenti. Perekaniperekani amene anachitika pa nyimbo imeneyo anadzaza lichero, anthu akuponya ndalama n'kubwereranso kukasinthitsa zina, ndipo anaibwereza chifukwa khamu linakana kukhala pansi. Agogo ena a ku Ntcheu anawagwira dzanja pambuyo pake n'kufunsa kuti nyimbo imeneyi anaimba ndani kale, poti akuimva ngati akuidziwa. Malume anadzigunda pachifuwa: "Ineyo, mayi. Kale ndi lero, ndine ndemwe."

Mankhwala akumwabe, ndipo bondo likadalipo, koma ukawapatsa moni masiku ano amakuyankha ndi funso: wamvapo Philip Tabane? Amadzuka m'mamawa kukonza nsambo dzuwa lisanatenthe. Amayenda wapansi mpaka pa siteji osapumira. Mpando wandalema uja tsopano ndi wa alendo odzamvera, eni ake amakhala pa kabenchi poti pamenepo gitala imakhazikika bwino pa ntchafu. Kope lija latsala masamba ochepa, ndipo kumapeto kwake atsegula chigawo china cha nyimbo zawozawo, iliyonse ndi chaka chimene anaipeka ndi chaka chimene anaiukitsa.

Sabata yatha foni yanga inalira kusanache bwinobwino. Mtima unagunda, poti foni ya nthawi imeneyo timaidziwa. Koma kunali kuseka. "Mphwanga, wadzuka? Tamvera ichi." Anaika foni pa benchi n'kuimba nyimbo imene sinali pa kaseti iliyonse, yatsopano, yopekedwa usiku womwewo, yonena za wilibala imene inabweretsa katundu wolemera kuposa mmene woikankha ankadziwira. Inali isanathe, ndime yachiwiri ankangong'ung'udza. Atamaliza anatolanso foni akupumira m'mwamba.

"Loweruka ubwere ndi mdzukulu wa kompyuta uja, tiijambule. Ndipo umuuze mbale wako wa ku Joni kuti Smokin' at the Half Note, ya Wes ndi Wynton Kelly, ya 1965, sindinaipezebe. Akabwera pa Khirisimasi alibe chimbale chimenecho, nkhuku sitimuphera!"